Kabuleta yaikulu siipatsa Datsun mphamvu, imangomwa petulo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi pa nkhani imene ena aiona ngati yaing'ono, koma ine inandidyera ndalama ndipo inatsala pang'ono kundiphera injini ya galimoto imene anandisiyira malemu bambo anga. Nkhani yake ndi ya kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini, makamaka chizolowezi chimene chafalachi chomazula kabuleta imene galimoto yakale inabwera nayo nkuikapo ina yaikulu ati kuti galimoto izithamanga. Masiku ano anyamata ambiri ayamba kudzutsa galimoto zakale zimene zinagona kuseri kwa nyumba, ma Datsun, ma Nissan 1400, ma Corolla a kale aja, ma Beetle, mwa apo ndi apo mpaka ka Mini, ndipo ine zimandisangalatsa kwambiri chifukwa galimoto zimenezi munthu umatha kuzikonza wekha ndi sipanala ndi sikuludiraiva basi, sizifuna kompyuta. Koma mtima umandipweteka ndikamaona kuti pafupifupi aliyense akangoidzutsa, chinthu choyamba chimene akuuzidwa ndi choti chotsani kakabuleta ako muike yaikulu ya kampani ya Weber, osafunsa nkomwe kuti injiniyo ndi ya ma cc angati.

Yanga ndi Datsun 120Y, injini yake ndi A12 ya 1171 cc. Bambo anayenda nayo zaka zambirimbiri, ife tonse tinakulira m'menemo, kupita kumudzi, kunyamula chimanga, kutengera odwala kuchipatala usiku. Nditaitenga inali ikuvuta kulira m'mawa, ikazizira imazima pa ma robot, ndipo ukaponda moto imayamba yatsamwa kaye kenako nkunyamuka. Ndinapita nayo pa galaja ina, sinditchula dzina chifukwa sindinalembe kalatayi kuti ndinyoze munthu, ndipo amakaniko ake anangotsegula boneti nkunena kuti kabuletayi yatha bwana, komanso ndi yaing'ono ndiye imaipanikiza injini, tili nayo ina yochoka pa Ford, mukaika imeneyi galimotoyi iziuluka. Anaitulutsa, yonyezimira bwino, mabowo awiri akuluakulu, ndipo ine ndinakhulupirira. Ndinalipira kabuleta, ndinalipira adaputa imene anachita kusula kuti ikhale pa manifodi, mapaipi opititsa mpweya ndi petulo ku masilinda, ndinalipiranso ntchito.

Inali Weber 38 DGAS. Panthawiyo nambala imeneyi sinkatanthauza kanthu kwa ine. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti kabuleta imeneyi Ford ankaiika pa injini ya V6 ya malita atatu, ija imapezeka mu ma Cortina akuluakulu a ku South Africa. Injini ya 3000 cc, ife nkutenga chodyera chake kukapatsa ka 1171 cc.

Masiku oyamba ndinkadzinamiza kuti zasintha chifukwa phokoso linasinthadi, ukaponda moto imalira mokhuthala ngati galimoto yaikulu. Koma m'tauni inali ntchito. Kunyamuka pa roundabout umayenera kusewera ndi kilachi apo ayi izima, ukaponda moto mwadzidzidzi imachita ngati yafa kwa kamphindi kenako nkudzidzimuka, petulo amene kale ndinkayendera sabata yonse amatha Lachinayi lisanafike. Ndinabwerera pa galaja paja, iwo anati majeti, timabowo timene petulo amadutsamo mu kabuleta, ndi ang'ono, nkuwaboola ndi kadirilo kuti akule. Kutsamwa kuja kunachepako, koma utsi wakuda unayamba, mapulagi sabata iliyonse akuda bii ngati poto wa pa nkhuni. Tsiku limene ndinagonja ndi limene ndinkachokera ku Chikwawa ku maliro, tili anthu asanu m'galimoto. Aliyense amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti ukangodutsa pa Thabwa umayamba kukwera osapuma mpaka ku Blantyre, kuchoka kuchigwa cha Shire kumene kuli pansi kwambiri kukafika pamtunda wopitirira mamita 1000. Mtunda umene bambo ankakwera ndi giya yachitatu ndi yachiwiri galimoto yomweyi itadzaza matumba, ine ndinakwera ndi giya wani, injini ikukuwa, fungo la petulo lili thoo m'galimoto, azakhali anga atagwira mpango pamphuno. Titafika ndinasolola dipisitiki ndipo oilo amanunkha petulo.

Amene anandithandiza ndi mdala wina wopuma pa ntchito amene anakonza galimoto za mtundu umenewu moyo wake wonse. Iwo sanayambe ndi sipanala, anayamba ndi pepala ndi bolopeni, ndipo zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna awerengi anu amve, chifukwa sizovuta ayi, mwana wa Fomu 2 akhoza kuwerengera.

Injini ndi pampu ya mpweya. Siimeza mpweya umene kabuleta yafuna kuipatsa, imameza umene mapisitoni ake akoka basi. Injini ya four stroke silinda iliyonse imakoka mpweya kamodzi pa kuzungulira kuwiri kwa kirankishafuti, ndiye mukafuna kudziwa mpweya umene injini yanu ingameze pa mphindi imodzi mumatenga kukula kwake mu malita nkuchulukitsa ndi theka la marevu, kutanthauza maulendo amene injini imazungulira pa mphindi. Yanga ndi malita 1.171, marevu apamwamba amene ndingaifikitse ndi 6000, theka lake 3000, ndiye 1.171 kuchulukitsa ndi 3000 zikutipatsa malita pafupifupi 3500 pa mphindi. Komanso apa tikuyerekeza kuti silinda ikudzaza mpaka pakamwa, zimene sizichitika pa injini wamba ngati imeneyi, mavavu ndi ang'ono, manifodi ili ndi makona, ekizozi nayo imabweza, ndiye imadzaza mwina magawo 80 pa 100 alionse. Tikatero tatsala ndi malita 2800. A ku America amayeza ndi CFM, kutanthauza ma cubic feet pa mphindi, ndipo malita 2800 ndi pafupifupi 100 CFM basi. Ndiye muganize munthu akukuuzani kuti ikani kabuleta ya ma CFM mazanamazana, mpweya winawo ukalowa kuti? Palibe koti ulowe. Ndipo kunena zoona ndani amayendetsa Datsun pa marevu 6000 mu Limbe kapena pa Chipembere Highway nthawi ya m'mawa? Tonse timakhala pakati pa 1500 ndi 3000, kumene injini ikukoka mpweya wosafika ndi theka lomwe la umene tawerengerawu.

Wina anena kuti chabwino, ngati yaikulu siithandiza, bola siipweteka, zili ngati kuvala nsapato yokulirapo. Apa ndi pamene ambiri timasochera ndipo ndi pamene mdala uja anakhalitsa pondifotokozera. Kabuleta ilibe pampu yokankhira petulo mu injini nthawi zonse ngati mmene ma injector amachitira. Petulo amachita kukokedwa ndi mpweya umene ukudutsa. Mkati mwa bowo la kabuleta muli malo opanikizika ngati khosi, amawatcha venturi potengera dzina la katswiri wina wa ku Italy, Giovanni Battista Venturi. Mpweya ukafika pakhosi pamenepa umathamanga kwambiri, ndipo ukathamanga umakoka petulo kuchokera mu kabeseni ka float kudzera mu jeti, nkumuphwanya kukhala ngati nkhungu. Zili chimodzimodzi ndi mtsinje, pamene pali potakasuka madzi amayenda mwaulesi, pamene pali popanikiza ngati pa Mpatamanga madzi omwewo amathamanga moopsa. Ndiye mukakulitsa khosi koma mpweya uli womwewo wa ka injini kakang'ono, liwiro limagwa, ndipo choipa kwambiri ndi choti mphamvu yokoka petulo siigwa mofanana ndi liwirolo, liwiro likatsika ndi theka mphamvu yokoka imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Petulo amene watulukayo satulukanso ngati nkhungu, amatuluka madontho, madonthowo amagwera pansi pa manifodi nkumayenderera, silinda ina ilandira wambiri ina wochepa.

Tsopano taonani kusiyana kwake pa galimoto yanga. Kabuleta imene inabwera ndi A12 ndi Hitachi ya mabowo awiri, loyamba 26 mm lachiwiri 30 mm, ndipo satsegukira pamodzi. Ukamayenda bwinobwino m'tauni limagwira ntchito ndi laling'ono lija lokha, mpweya umathamanga, petulo amaphwanyika bwino, galimoto imamva msanga ukaponda moto. Lachiwiri limadikira mpaka utaponda kwambiri marevu atakwera, monga podutsa thiraki. A Nissan anaziganizira zimenezi, sanangotola kabuleta pa shelefu. Pamene 38 DGAS ija mabowo ake onse ndi 38 mm ndipo amatsegukira limodzi kuyambira pomwe wangogunda pedulo. Mukawerengera kukula kwa malo otseguka, mabowo awiri a 38 mm amaposa bowo limodzi la 26 mm kanayi ndi kuposerapo. Nchifukwa chake ndikaponda moto galimoto imachita ngati yafa, ma butterfly, titseko ta mabowo aja, atseguka onse, mpweya wayima chilili, petulo sakukokedwa, injini ikumeza mpweya wokhawokha.

Ndipo apa pali chinthu chimene chinandidabwitsa. Ine ndinkaganiza kuti kabuleta yaikulu vuto lake ndi kupereka petulo wambiri. Ayi, poyamba penipeni imapereka wochepa panthawi imene injini ikumufuna, ndiye makaniko amene sanamvetse chimene chikuchitika amathamangira kukulitsa majeti kuti abise kutsamwako, ena amaboola ndi dirilo, ena amatokosa ndi waya. Akatero kutsamwa kumachepa koma pena paliponse galimoto ikumwa mopitirira muyeso. Injini ya petulo imafuna pafupifupi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo tikayeza kulemera, pofuna mphamvu zonse imatsikira cha pa 12.5 kapena 13, kupitirira apo ndi kungotaya. Petulo wosapsayo satuluka yense ku ekizozi, wina amatsuka oilo amene ali m'makoma a silinda nkutsikira mu sampu, maringi amayamba kukhuzana ndi chitsulo chouma, mabeyaringi akusambira mu oilo wosungunuka. Ndi mmene injini imene ikanakhala zaka zina khumi imathera chaka chimodzi. Jeti ikabooledwa ndiye basi yatha, nambala imene yalembedwa pamwamba pake ilibenso tanthauzo, amene adzabwere pambuyo kudzakonza sadziwa poyambira.

Sindikunena kuti Weber ndi yoipa, chonde asandimve molakwa. Kampani imeneyi anaiyambitsa Edoardo Weber ku Bologna m'ma 1920 ndipo makabuleta ake akhala pa galimoto zapamwamba zedi. Nkhani ndi yoti Weber zilipo za misinkhu yosiyanasiyana ndipo nambala imene ili pa iyo ikukuuzani kukula kwa bowo mu mamilimita. Imene anthu ambiri amaidziwa ndi 32/36 DGV, bowo loyamba 32 lachiwiri 36, makosi ake mkati ndi 26 ndi 27 mm, ndipo iyi ndi ya mtundu womwe uja wotsegula bowo limodzi kaye, lachiwiri limayamba kutseguka pedulo ikapitirira theka. Ford ankaiika pa injini za 1600 ndi 2000 za ma Cortina. Pa Nissan 1400 imene ili ndi injini ya A14 ya 1397 cc imakhala bwino ndithu bola majeti asinthidwe, chifukwa ikachoka pa 2000 cc imabwera ndi majeti a 2000 cc. Pa 1200 ngati yanga imatheka koma kwa ine ndi malire, ndipo ngati injini simunaisinthe kalikonse mkati phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi ndalama zake. Ziliponso zocheperapo monga 32/34 DMTL kapena 34 ICH ya bowo limodzi zimene zimagwirizana bwino ndi tiinjini tating'ono, koma izi anthu sazifuna chifukwa sizioneka zoopsa ukatsegula boneti pamaso pa anzako.

Ndiye pali ma Weber ogona cham'mbali aja otchedwa sidedraft, ma DCOE 40 ndi 45, amene mnyamata aliyense amalota. Ndi okongola, kulira kwake kumasangalatsa, ine ndemwe ndimaima ndikawamva. Koma anthu sadziwa kuti pa DCOE nambala ya kunja si imene ili yofunika kwambiri, khosi lake la mkati limachoka nkuikamo lina, ndipo amene amadziwa ntchito amasankha kaye khosi molingana ndi kukula kwa silinda imodzi ndi marevu amene injini izigwirira ntchito, kenako majeti amatsatira. Pa injini ya 1200 kapena 1300 yoyenda pamsewu makosi a 28 kapena 30 mm mu DCOE 40 ndi okwana, ndipo poyambira pa main jet amatenga kukula kwa khosi kuchulukitsa kanayi, khosi la 30 jeti cha pa 120, kenako nkumayesa pamsewu. Kutenga ma 45 a makosi a 36 nkuika pa 1200 imene kamushafuti yake ndi ya fakitale, hedi sinakhudzidwe, ekizozi ndi yomwe ija yopyapyala, ndi kuononga ndalama. Kabuleta imabwera kumapeto, injini ikayamba yasinthidwa kuti izitha kupuma kwambiri. A Datsun eni ake atafuna 1200 yothamanga anapanga GX, anaikadi makabuleta awiri, koma anasinthanso hedi ndi kamushafuti ndi ekizozi, zonse pamodzi.

A ma Mini ndi ma Morris Minor nkhani yawo ndi yosiyanako pang'ono chifukwa kabuleta yawo yotchedwa SU ili ndi pisitoni imene imakwera ndi kutsika yokha molingana ndi mpweya umene injini ikukoka, ndiye khosi lake limadzisintha lokha, nchifukwa chake imakhululuka kusiyana ndi zinazi. Komabe nayo ili ndi misinkhu, HS2 ndi inchi imodzi ndi kota, HS4 inchi ndi theka, HS6 inchi ndi makota atatu. Mini ya 848 cc inkayenda ndi imodzi yokha ya inchi ndi kota, ndipo ngakhale Cooper S imene inapambana mpikisano wa Monte Carlo m'ma 1960, yogulitsidwa kwa anthu wamba inkabwera ndi ma HS2 awiri basi. Mukaika HS6 pa 848 pisitoni ija siikwera mokwanira, singano yoyeza petulo ikugwira ntchito pa kachigawo kochepa, kuitchuna kwake mulira nako. Ndipo ambiri amene amadandaula kuti SU yawo ikutsamwa sanathiremo oilo mu kabotolo ka pamwamba kaja chigulireni. A ma Beetle nawonso, 1200 inali ndi Solex 28, 1300 inali ndi 30, 1600 ndi imene inadzabwera ndi 34 PICT-3, mukuona kuti a Volkswagen ankakweza kabuleta pang'onopang'ono injini ikamakula, mamilimita awiri kapena anayi, osati kulumpha khumi.

Pali zinthu ziwiri za kwathu kuno zimene ngakhale mabuku a galimotozi sakuuzani chifukwa analembedwera ku Japan ndi ku England. Choyamba ndi kukwera kwa malo. Blantyre ndi Lilongwe zili pa mamita opitirira pang'ono 1000 kuchokera pa nyanja yaikulu, Mzuzu ndi kuposa apo, Dedza ili cha pa 1600, pamene ku nyanja yathu ndi pafupifupi 470 ndipo Nsanje ili pansi penipeni. Ukakwera mamita 1000 mpweya umapepuka ndi pafupifupi magawo 10 pa 100, ndiye injini imataya mphamvu mwa mlingo womwewo ndipo kabuleta imene inatchunidwa m'mbali mwa nyanja ngati ku Durban ikafika kuno imakhala ikupereka petulo wochulukirapo. Anthu akamva galimoto yafooka pokwera ku Dedza kuchokera ku Golomoti amaganiza kuti kabuleta yachepa, chonsecho ndi mpweya umene wapepuka, ndipo kuika yaikulu ndi kuonjezera vuto pa vuto chifukwa mphamvu yokoka petulo pakhosi paja yachepa kale. Komanso amene mumaitanitsa zinthu ku Joni kumbukirani kuti Johannesburg ili pamwamba kuposa ife, cha pa mamita 1700, ndiye majeti amene akuyenda bwino kumeneko akhoza kukhala ochepa mukatsikira ku Nchalo kapena ku Mangochi, injini nkumatentha.

Chachiwiri ndi petulo wathu. Kuno ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo pano winanso amachokera ku Chikwawa. Ethanol amafuna mpweya wochepa kuti apse, pafupifupi magawo 9 pa gawo limodzi, ndiye petulo wosakaniza amafuna jeti yokulirapo pang'ono kusiyana ndi petulo weniweni. Mwamwayi izi zimabwezerako zina zimene kukwera kwa malo kwatilanda, nchifukwa chake galimoto zambiri zakale zimayenda bwinobwino ndi majeti a fakitale mu Blantyre ndi mu Lilongwe. Koma ethanol yemweyo amaumitsa malabala akale, madayafulamu ndi mapaipi a petulo, komanso amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda, mkati mwa kabuleta nkumera zoyerayera zotseka tinjira. Onjezerani petulo wa m'zigubu amene tonse tagulapo nthawi ya kusowa kwa mafuta, wina wa fumbi wina wa madzi. Kabuleta yotere imafuna kutsukidwa ndi kuikidwa kiti yatsopano, sikuti yachepa.

Ndi zimene zinapezeka pa yanga. Mwamwayi Hitachi yakale ija sindinaitaye, ndinaiponya m'katoni kuseri. Mdala uja asanaikhudze nkomwe anayamba wayeza kompuresheni ya masilinda onse anayi, anatchuna mavavu pa 0.35 mm injini ili yotentha, anasintha mapointi ndi kondensa, anaika taimingi pamalo pake, ndipo anandiuza kuti mavuto ambiri amene anthu amanamizira kabuleta amakhala a moto wa ku mapulagi. Kenako anaimasula yonse pa nsalu yoyera. Kapampu kamene kamalavula petulo ukaponda moto mwadzidzidzi kanali katauma, ndiye kutsamwa kuja. Slow jet, imene imapereka petulo pa marevu otsika, inali yotsekeka theka, ndiye kuzima pa ma robot kuja. Float inali itakhala pamwamba. Gasiketi ya pansi inali yong'ambika ikuba mpweya, ndipo shafuti ya butterfly inali ikugwedera pang'ono, anachita kuikamo tibushi. Zonsezi pamodzi sizinafike ndi theka la ndalama zimene ndinaononga pa Weber ija ndi adaputa yake. Tinataya oilo wonunkha petulo uja, kuika wina ndi fyuluta, nkuikanso air cleaner ya fakitale imene anyamata aja anaichotsa nkuika kasefa kowala kopanda kanthu, fumbi la mwezi wa October likungolowa.

Atamaliza sanandiuze kuti pitani ayi. Tinakwera limodzi kupita njira ya ku Zomba, tikuyenda liwiro limodzi kwa kanthawi, nkuima pambali, nkumasula mapulagi kuona mtundu wake. Akakhala akuda ndi mwaye petulo wachuluka, akakhala oyera mbuu wachepa ndipo ndi zoopsa kuposa zoyambazo chifukwa zimaotcha mavavu ndi mapisitoni, ofunika ndi ofiirira ngati tiyi wa mkaka. Anga anatuluka ofiirira onse anayi. Pano galimoto imalira kamodzi m'mawa ngakhale mu June, pa roundabout ndimanyamuka osaganizira, ndipo mwezi watha ndinakweranso mtunda wa ku Chikwawa uja ndi anthu anayi, giya yachitatu malo ambiri, yachiwiri m'makona okhaokha, ngati mmene bambo ankachitira.

Chimene chikundidetsa nkhawa Akonzi ndi choti amene amadziwa zinthu zimenezi akutha. Achinyamata amene akuphunzira umakaniko pano akukulira pa galimoto za ma injector ndi makina a diagnosis, ndipo palibe cholakwika pamenepo chifukwa ndi zimene zadzaza pamsewu, koma ikabwera galimoto ya kabuleta ambiri amangoganizira. Pamwamba pa izo msika wadzaza ndi makabuleta ofanizira, amaoneka ngati Weber, bokosi lokongola, koma majeti ake nambala yolembedwa ndi ina bowo lake ndi lina, chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Munthu akagula yotere, yaikulu kale kuposa injini yake, ena nkumuikiranso pampu ya magetsi yokankha kwambiri pamene Weber imafuna puresha yochepa cha pa 3 psi, ndiye petulo amangosefukira, ndipo petulo wosefukira pa A12 ndi nkhani ya moto chifukwa manifodi ya ekizozi ili pansi pa kabuleta pomwepo mbali imodzi. Nissan 1400 inapangidwa ku Rosslyn ku South Africa mpaka 2008, zambiri zikadali pamsewu kuno zikunyamula makala, matabwa, mbatata, zikudyetsa mabanja, ndipo eni ake si anthu oti azitaya petulo pa mtengo umene wafikawu chifukwa cha malangizo olakwika.

Ndiye pempho langa kwa anzanga a galimoto zakale ndi loti wina akakuuzani kuti kabuleta yanu yachepa, mufunseni kuti imene akukugulitsaniyo inachoka pa injini ya ma cc angati, mabowo ake ndi mamilimita angati, amatsegukira limodzi kapena motsatizana, majeti ake ndi nambala yanji ndipo sanabooledwe. Ngati sakutha kuyankha musamasule bawuti ngakhale imodzi. Werengerani nokha mpweya umene injini yanu imakoka, ndi masamu a mphindi ziwiri pa foni. Ndipo yakaleyo musataye ngakhale mutasintha, chifukwa kuipezanso yeniyeni pano ndi kovuta. Kwa inu Akonzi, ngati nkotheka mutipatseko kadanga mu nyuzipepala muno koti amakaniko akuluakulu amene anagwira ma Datsun, ma Peugeot 404 ndi ma Land Rover akale azitiphunzitsa m'Chichewa zimene akudziwa akadali moyo, ine ndikhoza kukulozerani kwa mdala amene anandithandizayu ngati iwo atalola.

38 DGAS ija ndinaitsuka, ili m'katoni momwe munali Hitachi. Majeti obooledwa aja ndinataya kuti asadzapwetekenso wina. Ndikudikira munthu amene ali ndi Cortina ya V6 yoti akuidzutsa, ameneyo ndi amene ndidzamupatse.

Ine wanu,
Mwini Datsun 120Y,
Chilomoni, Blantyre